Lipoti la msonkhano wa makomiti a banki m'khonde

Amayi ndi abambo, awiri amene munatituma ku msonkhano wa makomiti a banki m'khonde a dera lathu tabwerako. Nkhani imene inadya nthawi ndi ya mmene membala amasinthira maganizo pa gulu akangolowa mukomiti.

Ali kunja, munthu amangodziwa bukhu lake ndi zidindo za masheya amene wagula, imodzi mpaka 5 pa sabata. Akapempha ngongole n'kumva kuti ndalama zatha, amati akomiti adyerana. Akalowa m'kati amaona yekha kuti m'bokosi mumatsala zochepa chifukwa zambiri zili kwa obwereka, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, njala ikakula, pamene opempha amachuluka obweza n'kuchepa. Kusintha kumeneku n'kwabwino.

Choipa n'chakuti kumapitirira muyeso. Mlembi amene wakhalitsa amadziwa mavuto a khomo lililonse: uyu mwana ali kuchipatala, uyo fodya wake sanagulidwe. Ndiye amayamba kudumpha chindapusa cha ochedwa kubweza. Amalola ngongole yoposa katatu ndalama zimene munthu wasunga, ati poti tikumudziwa. Wofunsa mafunso amasanduka wosokoneza gulu. Zonsezi zimadzaululika tsiku logawana, chifukwa ngongole yosabwezedwa imatsitsa mtengo wa sheya iliyonse, ndipo amene ankabweza pa nthawi yake amaluza nawo.

Mankhwala ake si achilendo, ndi malamulo omwe aja a njirayi, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991. Makiyi atatu a bokosi azisungidwa ndi anthu atatu osakhala akomiti. Owerenga ndalama awiri aziwerengera pamphasa mokweza, thumba la zadzidzidzi padera. Potseka, mlembi alengeze zotsala. Sabata yotsatira membala wamba azitchule pamtima bokosi lisanatsekulidwe. Chisankho cha maudindo onse asanu chichitike tikangogawana, mwachinsinsi, osati mokweza manja.

Pa mfundo imodzi anthu sanagwirizane, yoti sabata iliyonse membala mmodzi azikhala pambali pa mlembi n'kumaona polemba. Ena anati zichedwetsa msonkhano. Ife tikuona kuti mphindi zimenezo si zotayika, pakuti pofika nthawi yogawana aliyense adzakhala ataonapo zimene komiti imaona. Tikupempha kuti tidzaivotere pa msonkhano wotsatira, pamodzi ndi kusintha osunga makiyi, popeza awiri mwa iwo pano ndi akomiti.