Lipoti la nthumwi yathu pa msonkhano wokonzekera chakudya cha pa 6 Julaye

Apampando, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu la ana a ku Ntcheu okhala kuno ku Johannesburg, ndakupatsani moni.

Munandituma kuti ndikakuyimirireni pa msonkhano wa nthumwi za magulu a Amalawi, wokonzekera chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu pa 6 Julaye. Ndinapita Loweruka lapitali, ndipo nazi zomwe ndabwera nazo. Za holo, magule ndi alonda zinatha msanga, ndizikhudza pang'ono kumapeto. Nkhani yomwe inatidyera nthawi, mpaka ena kuyamba kuda nkhawa kuti asowa matakisi obwerera, inali ya chakudya.

Komiti yaikulu inabwera itamanga kale mfundo yake: tiphike mphika umodzi wa aliyense, nsima, mpunga, chambo, nkhuku, nyemba ndi kabichi, basi. Anati izi n'zosaboola m'thumba, komanso tsikuli ndi la dziko lonse, lokumbukira 1964, osati la maboma. Malawi ali ndi maboma 28, ndiye aliyense akati abwere ndi chakwawo, holo idzasanduka msika. Mkulu wina anawonjezera kuti kugawa matebulo potengera kochokera n'kudzutsa tsankho la zigawo lomwe limativuta kale nthawi ya zisankho. Mfundo imeneyi si yachibwana, ndipo poyamba ambiri tinagwedezera mitu.

Woyamba kuitsutsa anali mayi woyimira anzathu a ku Nkhata Bay, amene anabwera atatchena ngati akupita ku ukwati, monga mukuwadziwira Atonga. Anati chomwe komiti ikuchitcha chakudya cha Amalawi onse n'chakudya cha anthu a chimanga. Iwo nsima ya chimanga anakaidziwira kusukulu yogonera konko, kwawo anakulira kondowole. Anatifotokozera ntchito yake yonse: kusenda chinangwa, kuchinyika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kuchiyanika, kuchisinja, kenako kuvundula. Kondowole ndi wonanda, safuna mkono waulesi, ndipo saphikika mu mphika waukulu wa pamaliro, amaphika pang'onopang'ono anthu akudya. Anati akadzapeza batala kapena usipa wabwino, pambali chigwada chotendera, ana awo obadwira kuno adzadziwa chomwe amayi awo amadandaula akamadya papa, nsima ya kuno ya ufa wa m'shopu. A ku Nkhotakota anawomba m'manja, ati nafenso tili momwemo. Wina atafunsa za nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, mayiwo anati amene sanalaweko chikate cha nkhungu asamanene kuti nyanja amaidziwa.

Apa m'pamene chitseko chinatseguka, aliyense n'kuyamba kutamanda kwawo. Bambo wa ku Karonga anati iwo pa tsiku lalikulu sadya kabichi, amadya mbalagha, nthochi zosapsa zophikira limodzi ndi nyama ya ng'ombe, ndipo chambiko, mkaka wowawasa uja, sichisowa pakhomo. Koma pomwe anakwezera mawu ndi pa mpunga wa Kilombero. Anati wambiri womwe timagula kwa obwera pa basi ndi wosakaniza, dzina lokha ndiye la Kilombero. Weniweni ukakhala pamoto, oyandikana nawo nyumba amadziwa osauzidwa. Analonjeza kuti awo adzachokera kwa abale awo olima ku Kaporo, osadzera m'manja mwa mavenda.

Ndinkayembekezera kuti a ku Mangochi ateteza mfundo ya komiti, poti chambo chinali pamndandanda. Ayi ndithu. Nthumwi yawo inati chomwe timagula kuno m'mafiriji n'kumachitcha chambo ndi nsomba ya m'madamu, yofanana nkhope chabe. Ndipo ngakhale kwawoko chambo chinasanduka ndiwo ya alendo ndi mahotela. M'nyanja ya Malombe, momwe kale chinali mbwee, asodzi masiku ano amavuula kwambiri kambuzi, tinsomba ting'onoting'ono. Anati kuli bwino kuika patebulo utaka ndi usipa zomwe anthu akudyadi, kusiyana ndi kunamiza ana. A ku Zomba analowererapo ndi matemba a ku Chilwa, ati otendera ndi nsinjiro alibe mnzake, ndipo anatikumbutsa kuti nyanja yawo inaphwa mu 1995 ndi mu 2018 koma matemba anabwereranso madzi atadzaza.

Alhomwe a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe anabwera ngati gulu limodzi. Chawo ndi kalongonda, komanso nandolo wophikira limodzi ndi makaka. Kalongonda ndi nyemba yovuta: amaiwiritsa tsiku lonse uku akutaya madzi n'kuthira ena, chifukwa yosapsa bwino imazunguza mutu ndipo ikhoza kudwalitsa. Pachifukwa chimenechi tinagwirizana kuti adzaphike ndi amayi oidziwa okha, kunyumba, dzulo lake, pasadzapezeke wophunzirira pa anthu. Mnyamata wina anafunsa ngati gondolosi adzakhalepo. Wapampando wa msonkhano anati pamwambopo padzakhala ana, nkhaniyo inathera m'kuseka.

Kuseka kumeneku sikunathe bwino konse. Titafika pa anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje, mnyamata yemweyo anaponya mawu akuti, "Inu ndiye mudzabwera ndi nyika, eti?" Ena anaseka. Bambo wa ku Nsanje sanaseke. Anayankha mofatsa kuti nyika, mizu ija amakazula m'madambo a Shire, anthu amaidya chaka cha njala, ndipo pokazula amalowa m'madzi momwe muli ng'ona. Anati kwawo madzi osefukira akokolola minda kambirimbiri, za namondwe Freddy mu 2023 tonse tikuzikumbuka, ndiye wotchula nyika aziitchula mwaulemu. Kenaka anati pa 6 Julaye adzabwera ndi nsima ya mapira, mlamba wowamba, mbuzi ya kuchigwa ndi masawu, kuti tione kuti kwawo si kwa njala kokha. Mnyamata uja anapepesa pomwepo.

Ine ndinasinthira maganizo pamenepa. Tsankho lomwe komiti imaopa lilipo kale, ndipo limakula chifukwa aliyense amadziwa kwa mnzake kudzera m'nthabwala zokha. Ife amatidziwa ndi mowa, Atonga ndi kutchena, a kuchigwa ndi kutentha ndi njala. Mphika umodzi wa nkhuku ndi kabichi sungachotse zimenezo. Choncho pa voti ndinaimika dzanja m'dzina lanu kuti gulu lililonse likhale ndi tebulo lake, ndipo mbali imeneyi ndi yomwe inapambana. Pofuna kuti nkhawa ya komiti isatayidwe, tinamanga kuti matebulo asaikidwe motsata zigawo, Karonga akhoza kuyandikana ndi Nsanje, ndipo munthu akalipira pakhomo adzalandira mbale imodzi yoyenda nayo paliponse. Nsima ya chimanga idzaphikidwa pamodzi, ya ufa woyera ndi ya mgaiwa. Amayi a ku Lilongwe ndi Dowa anadzipereka kuyitanitsa ufa wonyika kuchokera kumudzi, ati wa kuno sugwira m'mimba.

Tsopano za ife. Atandifunsa kuti Ntcheu idzabweretsa chiyani, holo yonse inandiyankhira: nyama ndi mowa! Sindinakane, Mngoni sakana nyama. Ndinatchulanso kachewere wa ku Tsangano ndi ndiwo zamasamba za pa Lizulu, msika uja msewu wa M1 umadutsa pakati, tsidya lino Malawi tsidya linalo Mozambique. Koma a ku Dedza anadzuka msanga, ati kachewere ndi wawonso, wa ku Bembeke. Ndipo kunena zoona, kuno mbatatesi ili m'shopu iliyonse, palibe amene angaime pa tebulo lathu chifukwa cha tchipisi. Nyama yowotcha nayo eni dziko lino amaidziwa kuposa ife. A ku Mzimba, Angoni anzathu a kwa M'mbelwa, nawonso akubwera ndi nyama, kuwonjezera chindongwa. Tikangoti nyama basi, tidzamira pakati pawo.

Maganizo anga ndi akuti tiphike uwende, magazi ophika aja, ndi zam'kati zophika bwino momwe amachitira akuluakulu ng'ombe ikagwa pamudzi, pambali pake mfutso wa khwanya kapena wa nkhwani, ndi futali wa mbatata. Mfutso ndi wofunika chifukwa Julaye kuno ndi pakati pa nyengo yozizira, chisanu chimawotcha masamba, nkhwani waziwisi sitingaupeze. Komanso mfutso ndi wopepuka, sulemetsa katundu pa basi. A ku Mchinji alonjeza nsinjiro za chalimbana zokwanira magulu onse, ati mtedza wa kuno ulibe mafuta okoma, ndiye za kutendera tisadere nkhawa.

Uwende uli ndi vuto lake lomwe muyenera kulidziwa. Msonkhano unagwirizana kuti nyama yodyera limodzi idzazingidwe ndi Msilamu, monga timachitira kumudzi pa ukwati kapena pamaliro, kuti abale athu a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota adye momasuka. Ambiri mwa iwo amakhala cha ku Mayfair ndi Fordsburg, komwe mabutchala otere ndi osasowa, ndipo adzipereka kukagula. Asilamu sadya magazi, a Seventh Day nawonso sadya. Ndiye tikafuna uwende tiyenera kugula mbuzi yathuyathu, kuphikira m'miphika yathu, ndi kulemba pa tebulo moonekera bwino kuti muli chiyani. Nkhumba inakanidwa kotheratu, palibe anaitetezera kwambiri.

Mbewa ndiye zinautsa mkangano woseketsa. Achewa a ku Lilongwe ndi Kasungu anati ino ndiyo nyengo yake, anthu atakolola, ndipo kapuku wonona sangasowe pa tsiku la ufulu. Koma funso linali lakuti zidzafika bwanji. Basi yochokera ku Blantyre imadzera pa Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge. Nyama ndi mkaka siziloledwa kulowa m'dziko lino popanda chilolezo, ndipo palibe anafuna kuti m'bale wake akagwidwe pachipata atanyamula mpani wa mbewa. Zinakanidwa, Achewa akung'ung'udza. Chambiko nachonso chidzapangidwira konkuno. Chinangwa ndi nthochi zosapsa zimapezeka pa msika wa ku Yeoville, kwa anzathu a ku Congo ndi mayiko ena, choncho kondowole ndi mbalagha sizidzadikira basi. A ku Mwanza amafuna kubweretsa manachesi poti ino ndi nyengo yake, koma anauzidwa kuti ayambe afunsa malamulo a zipatso pachipata. A kunyanja anachenjezanso kuti miyezi ino mwera umaomba, asodzi sapita pamadzi kawirikawiri, ndiye usipa ukhoza kukwera mtengo. Oyitanitsa ayitanitse msanga.

Za mowa sizinathe. Holo yomwe yapezeka ndi ya mpingo, ndipo eni ake salola chakumwa choledzeretsa m'kati mwa mpanda. Thobwa ndi chindongwa zaloledwa. Ndinanena kuti kwathu ngoma savina kukhosi kuli gwa, koma sindinaumirire, chifukwa sindinadziwe ngati nonse mungafune kuti dzina la Ntcheu likamveke pa nkhondo ya masese. Ena akuti tipeze malo ena oti akuluakulu akakhale madzulo ana atapita. Ndinawauza kuti ndikafunsa kaye eni ake, ndinu.

Zotsala ndi zazifupi. Magule adzakhala ngoma, malipenga, tchopa, beni ndi chimtali, gulu lililonse nthawi yofanana. Ngoma tidzavina ife ndipo a ku Mzimba adzavina ingoma yawo, tisadzapikisane zishango. Alonda adzalembedwa ndi komiti yaikulu. Ndalama yosonkha gulu lililonse idzalengezedwa akamaliza kuwerengera mtengo wa holo ndi nkhuni.

Pa msonkhano wathu wa mwezi uno ndikupempha kuti tigamule za mbuzi ya uwende, ngati tikuigula, ndi kuti ndalama yake ichokera m'thumba la gulu kapena tisonkherana padera, poti thumba lija ndi la maliro. Tipezenso amayi kapena abambo odziwadi kuphika uwende, chifukwa ine ndimangodziwa kudya. Amene ali ndi m'bale wokwera basi masabata akubwerawa atiuze, kuti mfutso ndi khwanya zichoke ku Ntcheu nthawi ilipo. Yankho la za mowa komiti yaikulu ikulifuna msonkhano wotsatira usanachitike, ndipo ngati mukufuna kuti ndikapitenso ineyo kapena mutume wina, munene pomwepo.

Ndine nthumwi yanu.