Kwa eni holo ya mafilimu kuno ku Lusaka: mafilimu oopsa mwawapha

Akuluakulu, ndalemba pa tsamba lanu lino dala, kuti anzanga amene amasiya ndalama pakhomo panu aone nawo. Ndine kasitomala wanu wa zaka zambiri. Mukangoika filimu yoopsa, ine ndimakhala m'gulu la oyamba pamzere. Koma zimene mwakhala mukutipatsa miyezi yapitayi zandikwana.

Lachisanu lapitali ndinanyamuka ku Mtendere ndi mlongo wanga, minibasi ziwiri, matikiti awiri, popukoni pamwamba. Mlongo wangayu ndi wamantha kwambiri, akaona nalimata pakhoma amatuluka m'chipinda. Filimu inayamba. Banja lasamukira m'nyumba yakale kunja kwa tauni, galu akukana kulowa, kamwana kayamba kucheza ndi mnzake wosaoneka. Mnyamata wina kumbuyo kwathu ananena mokweza kuti, "Galuyo ndiye ayambe kufa." Sipanatenge nthawi, galu anafadi. Mayi uja atatsegula kakabati ka galasi m'bafa, anthu anayamba kuwerenga limodzi ngati ana a sukulu. Pofika pa firii, mayi watseka kabati, chinkhope chili kumbuyo kwake, masipika aphulika. Holo yonse inafa ndi kuseka. Zotsalazo aliyense ankazidziwa kale: foni yataya netiweki, galimoto yakana kulira, bambo sakukhulupirira mkazi wake mpaka madzi afike m'khosi. Mlongo wanga uja anagona paphewa langa filimu isanafike pakati.

Zinandipweteka, ndipo si chifukwa cha ndalama zokha. Kudzidzimutsa munthu si luso. Ngakhale mwana wa zaka zisanu amatha, amangobisala kuseri kwa chitseko n'kukuwa. Mtima umagunda pang'ono, kenako waiwala. Mantha amene ine ndimalipirira ndi aja amakuperekeza mpaka kunyumba, ukafika n'kuyamba kukayikira mthunzi wa jekete lako lomwe pa msomali. Agogo anga ku Katete ankawadziwa mantha amenewa. Ankati akafika pa nthano ya mfiti yokwera fisi, amatsitsa mawu, n'kukhala chete, moto ukuthetheka. Kadzidzi akalira padenga usiku umenewo, palibe mwana amene ankatuluka kukataya madzi. Analibe sipika ngakhale imodzi.

Opanga mafilimu akale ankadziwanso zimenezi. Mu Jaws ya Steven Spielberg ya 1975, shaki sioneka kwa nthawi yaitali, chifukwa chidole cha makina chimene anapanga chinkangowonongeka m'madzi. Iye anangotipatsa nyimbo ndi madzi, zotsalazo mutu wathu unadzipangira wokha. John Carpenter anapanga Halloween mu 1978 ndi ndalama zochepa, koma munthu wongoima phee pafupi ndi mpanda masana dzuwa likuswa mtengo amakuzizira m'mafupa. The Exorcist itatuluka mu 1973, anthu ena ankakomoka m'maholo. Filimu imeneyo imayamba yakudziwitsa mayi ndi mwana wake bwinobwino, mpaka uwakonde, ndiye zoopsa zikabwera umamva ngati zagwera m'bale wako. Anthu a m'mafilimu a masiku anowa sitidziwa n'komwe maina awo, timangodikira kuti afa liti.

Chimene chinasokoneza zinthu sichobisika. Paranormal Activity anaijambula ndi madola pafupifupi 15,000, koma inabweretsa madola opitirira 190 miliyoni. Makampani ataona zimenezo anazindikira kuti filimu yoopsa ndi munda wosafuna feteleza, ndiye akhala akulima pomwepo chaka ndi chaka mpaka nthaka kuguga. Saw inafika pa filimu ya nambala 10 mu 2023. Halloween yomwe ija inali itafika pa mafilimu 13 pofika 2022. Chigawenga chimene chafa kasanu n'kudzukanso, ndani angachiope? Ndiye pali timavidiyo totsatsa timene mumaika filimu isanayambe, momwe zoopsa zonse amaziulula m'mphindi ziwiri.

Ndikudziwa yankho lanu, mudzati si inu mumapanga mafilimu. Zoona. Koma osankha ndinu. Ndinu amene mumasunga gawo lachinayi la nkhani yotopetsa kwa masabata angapo, pamene filimu yaing'ono yabwino mumaichotsa anthu asanamve n'komwe kuti yafika. Abwino akadalipo. Get Out ya Jordan Peele ya 2017 inaopsa anthu ndi kumwetulira chabe kwa apongozi, ndipo inapata mphoto ya Oscar chifukwa cha kalembedwe ka nkhani yake. His House ya 2020 imanena za banja lothawa nkhondo ku South Sudan limene mizimu inalitsata mpaka ku England. Ine ndinaionera pa foni, kagalasi kakang'ono, koma usiku umenewo ndinagona nyali ili chiyakire.

Nanga zathu? Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka momwemuno, anapata BAFTA, mphoto ya mafilimu ya ku Britain, ndi I Am Not a Witch ya 2017. Si filimu yoopsa, koma inaonetsa kuti nkhani za ufiti za kwathu zimatha kugwira dziko lonse. Ife tinakula tikumva za anthu ouluka pa lichero ndi za akufa ogwira ntchito m'minda ya anzawo usiku. Mukutipatsa chidole cha kunja chokhala pa mpando, pamene achinyamata a ku Chawama ndi ku Matero ali ndi makamera ndi nkhani zoti tsitsi liime. Munayamba mwawaitanapo?

Pempho langa ndi ili. Patulani usiku umodzi pamwezi wa mafilimu oopsa akale, ndipo wina muupereke kwa opanga mafilimu a mu Zambia ndi mu Africa muno. Tsitsaninso masipika, chifukwa Lachisanu lija ndinafika kunyumba makutu akulira. Mundiyankhe pompano pamene aliyense aone, osati kundiuza kuti ndikulembereni kumbali. Mlongo wanga wanena kale kuti sabweranso, ndipo ine tikiti yotsatira sindigula mpaka ndione mndandanda wanu wa mwezi wamawa.