Kwa mwana wanga amene wayamba tenisi

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Thyolo tili bwino, kungoti chiperoni chatitsekera m'nyumba sabata yonseyi. Amayi ako andiuza kuti wagula raketi ndipo ukumasewera tenisi ukaweruka kuntchito ku Limbeko, komanso kuti chigongono chayamba kukuwawa. Ndakondwa kuti wayamba, koma za chigongonozo ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndikulembere.

Ukudziwa kuti ndili mnyamata ndinkatola mipira pa kalabu ya pa esiteti. Ndinaona anthu ambiri akuyamba masewerawa, ndipo pafupifupi onse ankalakwitsa chimodzimodzi: kufuna kumenya mwamphamvu tsiku loyamba lomwe. Munthu amafinya chogwirira mpaka mitsempha kutuluka, n'kumenya ndi mkono wokha thupi lili chilili. Mpira umathera mu neti, apo ayi umadumpha waya kukagwera m'tiyi, ife n'kumakaufufuza m'mame. Kugunda konseko kumakathera m'chigongono. Kumbukira mmene ndinakuphunzitsira kutchetcha udzu kuseri kwa nyumba: mphamvu imachokera m'miyendo ndi m'chiuno, mkono umangotsatira, ndipo chitchetcho sichiima chikakhudza udzu, chimapitirira. Raketinso igwire mofewa, tembenuza mapewa mpira usanafike, ndipo ukamenya ipitirire mpaka paphewa linalo.

Usalimbane ndi neti. Pakati msinkhu wake ndi masentimita 91, m'mbali 107, pomwe bwalo ndi lalitali mamita pafupifupi 24. Malo alipo ambiri, mpira udutse pamwamba ndithu. Rafael Nadal, katswiri wa tenisi wa ku Spain, anatenga chikho cha mpikisano waukulu wa French Open maulendo 14, koma ukaonera masewero ake uona kuti mipira yake yambiri inkakwera m'mwamba ikuzungulira, n'kugwera m'kati. Pakati pa ongoyamba kumene, amapambana ndi amene wabweza mpira kachinayi, kachisanu, mpaka mnzake atalakwitsa yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga.

China chimene chinkandipweteka mtima ndi mapazi. Woyamba kumene amapondera zidendene, kudikira mpira umupeze, kenako n'kumaunyanyamphirira. Iwe ima pa zala, mawondo opinda pang'ono, ndipo mnzako akamamenya dumpha pang'ono kuti thupi lidzuke. Ukabweza, usaime n'kumayang'ana mpira wako. Bwerera pakati, kuseri kwa mzere wakumapeto. Ukaima pakatikati pa bwalo, mipira imakugwera m'mapazi n'kusowa poimenyera. Maso akhale pa mpira mpaka ukhudze zingwe, osati kumene ukufuna upite.

Poseva, ndiko kumenya mpira woyambitsa masewero, uli ndi mwayi uwiri. Ambiri woyambawo amamenya ngati akuwaza nkhuni, ukalephera wachiwiriwo amangoukankha mwamantha. Bola mipira iwiri yapakatikati yolowa. Raketi igwire ngati nyundo, ngakhale poyamba zidzakuvuta. Vuto lenileni limakhala pa dzanja loponya mpira m'mwamba: ukapita pambali, ugwire n'kuponyanso, malamulo amalola malinga usanayese kuumenya. Izi ukhoza kuyeserera pakhonde pako usiku.

Nsapato zothamangira pamsewu zisiye, zinapangidwira kulunjika kutsogolo, pomwe tenisi ndi yam'mbalimbali. Ndinaonapo bambo wina akubzungunyuka akakolo ndi nsapato zotero, tinachita kumunyamula anthu anayi. Bwalo likanyowa usalowemo, limaterera ndipo mpira wonyowa umalemera, umavutitsa mkono.

Pakali pano upumitse mkonowo masiku angapo, ndipo ululu ukapitirira pita kuchipatala, usamangomwa mapilitsi n'kubwerera pabwalo. Ukamabwera kumapeto kwa mwezi utenge raketiyo ndi mipira itatu. Pali khoma losalala kuseri kwa sitolo yakale ija, ndikufuna ndikaone ndi maso anga mmene ukuigwirira. Amayi ako akupereka moni, ati akusungira nthochi ndi kalongonda.

Ndine bambo ako.