Kalata yotseguka kwa a Phungu a dera lathu kuno ku Thyolo

Olemekezeka a Phungu, moni. Ndalemba poyera chifukwa makalata ndinasiya ku ofesi kwanu aja sanayankhidwe, foni nayo imangoitana.

Achimwene anga ali kundende pa mlandu woba makademiya ku esiteti. Tsiku la mlandu kwa majisitireti analibe loya, ndalama zake tikanazitenga kuti ife othyola tiyi. Mboni ya boma itaimirira sinayambe ndi za usiku wakubawo ayi, inayamba ndi zoti ameneyu timamudziwa kale, ndi chidakwa, anamangidwaponso za mbuzi. Achimwene ali chiimire, manja kumbuyo, mutu pansi, poti kwathu kudula mawu akuluakulu ndi mwano. Palibe anawauza kuti apa mutha kukana. Tinadzamva mochedwa kwa a paralegal oyendera ndende, anthu othandiza pa za malamulo koma osakhala maloya, kuti lamulo la Criminal Procedure and Evidence Code sililola boma kuipitsa mbiri ya munthu ngati umboni, pokhapokha mwiniwake atayamba kunena kuti ndi wakhalidwe labwino, ndipo milandu yakale imatchulidwa munthu atapezeka kale wolakwa, pokamba za chilango.

Tapanga apilo, funso ndi loti bwanji sanatsutse pomwepo. Inde gawo 5 la lamulo lomwelo limauza khoti kuona ngati munthu akanatha kutsutsa poyambirira, koma bwana, munthu wolekeza sitandade 4 atsutsa bwanji chinthu chimene sakudziwa kuti ndi choletsedwa? Wa loya, loya wake amangodzuka, mawu aja nkulowa m'rekodi, pa apilo ali ndi pogwira. Wosauka kukhala chete kwake komweko ndiye kukumupweteka kachiwiri.

Zina sindichita kutambasula, mafayilo kuchedwa, mboni kuyankhula Chichewa kapena Chilomwe rekodi nkulembedwa m'Chingerezi, ya minibasi yopitira ku Blantyre kuchita kugulitsa nkhuku.

Nthawi ya kampeni pabwalo la sukulu paja munati wosauka sadzaimanso yekha pamaso pa malamulo, amayi tinalulutira. Ulemu wanu ndikuusunga koma kutopa ndiye tatopa. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu apatsidwe loya wa boma ngati chilungamo chikufuna kutero, Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka maloya kwa osauka, ilipo, koma milandu ya kwa majisitireti ndi yambirimbiri moti maloya sangafike ponseponse.

Ndiye pempho langa nali. Kayankhuleni ku Nyumba ya Malamulo kuti Legal Aid ipatsidwe ndalama zokwanira, ma paralegal aloledwe kuimira anthu m'makhoti ang'onoang'ono, komanso majisitireti azimufotokozera munthu wopanda loya m'chinenero chake mlandu usanayambe kuti ali ndi ufulu wotsutsa umboni, ndipo akatsutsa zilembedwe. Mutiyankhe poyera pomwe pano nyumbayo isanakumanenso.

Ine wovota wanu,
mlongo wa wam'ndende, Thyolo