Mwayi wa kafukufuku pa nkhani za intaneti ndi demokalase

Abale ndi alongo a m'gulu lathu ku Angónia, Tsangano ndi Moatize,

Pali mabungwe amene amapereka thandizo la ndalama kwa ofuna kufufuza momwe intaneti imakhudzira ufulu wa anthu: CIPESA ya ku Kampala, Paradigm Initiative yochokera ku Nigeria, komanso Open Technology Fund, yomwe imayang'ana kwambiri za kutsekedwa kwa intaneti.

Nkhaniyi ndi yathu. Chisankho cha dziko lathu la Mozambique cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, intaneti ya pa foni inadulidwa, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, ambiri tinasowa polankhulira ndi abale ngakhale makasitomala. Zomwe zinachitika m'midzi yathu adzazilemba ndani ngati si ife?

Mafomu ambiri ofunsira thandizoli amakhala m'Chingerezi, osati m'Chipwitikizi, choncho odziwa Chingerezi chonde thandizani anzanu. Masiku otsekera kulandira mafomu muone pa mawebusaiti a mabungwewo. Tikumana Loweruka ku Ulongwe. Aliyense abwere ndi ganizo lake la kafukufuku, ngakhale tsamba limodzi.