Tikumane Loweruka, aliyense abwere ndi mbiri ya munthu wake

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la masewera a pa intaneti,

Loweruka lino tikumana ku Senga Bay nthawi ya 2 koloko masana, pansi pa mtengo womwe uja tinakhala ulendo watha. Nkhani ndi imodzi: anthu amene timawaseweretsa mu gemu yathu alowe m'mbiri ya dziko lawo.

Chikundiwawa ndi ichi. Mlongo wathu wina watha miyezi isanu akusewera ngati msodzi wa bwato lothontha, yemwe anatiolotsa tonse usiku uja adani atatizinga. Tinakuwa pa foni mpaka kudzutsa ana. Koma mukatsegula mbiri imene tikulemba, mwadzaza mafumu ndi mizimu, dzina la msodziyo mulibe. Si chilungamo chimenechi.

Anzathu kunjaku anaziona kale. Mu gemu ya EVE Online, nkhondo ya kudera lotchedwa B-R5RB ya mu Januwale 2014 inabuka pakati pa osewera okha, gulu lina litalephera kulipira msonkho wa dera lake. Zombo zikuluzikulu 75 za m'mlengalenga zotchedwa Titan zinaphwasuka, ndipo kampani ya CCP ya ku Iceland, yomwe inapanga gemuyo, inaika chikumbutso pamalopo, chotchedwa Titanomachy. Nayenso Leeroy Jenkins wa mu gemu ya World of Warcraft anali munthu wa wosewera wamba, koma a Blizzard, eni ake gemuyo, anamulowetsa m'nkhani ya gemuyo.

Ndiye aliyense alembe tsamba limodzi: munthu wanu anachokera kuti, anataya chiyani, ali ndi ngongole kwa ndani. A ku Chipoka ndi ku Lifuwu, mayendedwe akavuta tumizani pa WhatsApp pofika Lachisanu madzulo, tidzakuwerengerani. Mafoni mutchajiretu.