Kwa mwana wanga wa mu Sitandade 2

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi achimwene ako kumeneko ku Thyolo. Ine mayi ako aang'ono ndi ena onse kuno ku Mulanje tadzuka bwino, ndipo agogo ako miyendo ija yayamba kupezako. Chiperoni chatikwirira masiku ano, moti m'mawa phiri silioneka n'komwe. Uzivala juzi yako popita kusukulu.

Kalatayi ndi yaitali, koma usaope. Uwerenge pamene ungathe. Pamene pakuvuta uwapatse amayi ako akuwerengere, iwe uziloza ndi chala mawu amene akutchulawo.

Amayi ako andiuza zinthu ziwiri pa foni. Akuti umafunsa kuti ine ndimagwira ntchito yanji kusukulu, popeza amene amaima pabolodi ndi aphunzitsi ena. Akutinso aphunzitsi ako akudandaula kuti m'kalasi suyankhula ndipo dzanja sukweza, chonsecho kunyumba palibe amene amakuposa kucheza. Ndikuyankha zonse ziwiri pamodzi, chifukwa ntchito yangayo ndi ya ana ngati iweyo.

Ine ndine mphunzitsi wothandizira mu Sitandade 1. M'kalasi mwathu muli ana oposa 100, onse atakhala pansi mothithikana. M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi kusukulu za pulaimale, ana ambirimbiri n'kukhamukira kusukulu. Chinali chinthu chabwino kwambiri, ndipo ine ndi amayi ako tinaphunzira chifukwa cha chimenecho. Koma makalasi ndi aphunzitsi mpaka lero sakwanira. Madamu akaima kutsogolo, mawu awo amafika mpaka kumbuyo, koma makutu awo ndi awiri okha. Akafunsa funso, kalasi yonse imayankha pamodzi mokweza, ndiye mwana wina amangogwedeza milomo osatulutsa liwu. Mwana wotero akhoza kutha teremu yonse popanda munthu womva mawu ake. Ntchito yanga ndi kupeza ana amenewo. Sindikhala kutsogolo. Ndimayala chitenje changa kumbuyo, pakati pa anawo, n'kumayang'ana pakamwa pawo.

Ndikawapeza ndimawatengera pansi pa mtengo wa mango, asanu kapena asanu ndi mmodzi basi. Sindiyamba ndi buku. Ndimatulutsa m'chikwama chinthu chimene akuchidziwa kale, monga tsamba la tiyi, nthochi, kapena nandolo wa m'makoko. Pano pafupifupi mwana aliyense ali ndi mbale wake amene amathyola tiyi kuesiteti, ndiye tsamba lija akaliona maso amawala. Ndikafunsa kuti, "Ichi n'chiyani?" wina amanong'ona kuti, "Tiyi." Liwu limodzi lokhalo. Ine sindinena kuti wachepetsa. Ndimati, "Eya, ndi tsamba la tiyi lobiriwira. Amathyola ndani kwanu?" Iye amati, "Amayi." Ndimati, "Amayi amathyola tiyi. Amaika muti?" Tikamatha, mwana uja wanena yekha kuti, "Amayi amathyola tiyi m'mawa n'kuika m'dengu la kumsana." Wachoka pa liwu limodzi wafika pa chiganizo chathunthu, iye osazindikira kuti akuphunzira.

Chinthu chovuta kwambiri pa ntchito imeneyi ndi kudikira. Akuluakulufe tili ndi phuma. Tikafunsa mwana n'kuona kuti wachedwa, timamuyankhira kapena kuloza mnzake wochangamuka. Koma mawu a mwana ali ngati moto wa nkhuni zaziwisi. Ukaukupiza mwamphamvu umazima, umafuna kuuzira pang'onopang'ono. Ndiye ndikafunsa ndimatseka pakamwa panga, n'kuwerenga chamumtima mpaka khumi. Nthawi zambiri yankho limabwera ndisanamalize.

Alipo mnyamata wina wachibwibwi amene anzake ankamuseka mpaka anasiya kuyankhula. Ameneyu sindimumalizira mawu ake ngakhale ndikudziwa chimene akufuna kunena, ndipo sindimuuza kuti afulumire. Ndimamuyang'ana ndi nkhope yofatsa mpaka atamaliza. Tikamaimba, chibwibwi chake chimachepa kwambiri, choncho ndimakonda kumupatsa kuti atsogolere nyimbo. Alipo mtsikana winanso amene anthu ankati ndi wamwano chifukwa akaitanidwa satembenuka. Nditakhala naye pafupi ndinaona kuti amandimva ndikamuyankhula chakumanja kokha. Ndinawauza Madamu, anamusunthira kutsogolo, ndipo makolo ake tinawapempha kuti apite naye kuchipatala akamuone m'khutu. Imeneyinso ndi ntchito yanga: ana akaweruka ndimakhala ndi Madamu n'kuwafotokozera kuti uyu lero wayankhula, uyu sakumva bwino, uyu akusokoneza b ndi d. Iwo ndi amene amakonza phunziro ndi kulamula kalasi. Ine ndimawabweretsera zimene sangathe kuziona ali kubolodi.

Kuseka mnzako akalakwitsa ndi chinthu chimene sindilola ngakhale pang'ono. Mwana akati, "Mbuzi wanga wathawa," ine sinditi walakwa. Ndimangoti, "Kalanga ine, mbuzi yako yathawa? Yathawira kuti?" Khutu lake limamva lokha pamene ndakonza, ndipo nkhani yake imapitirira.

Tsopano za kuwerenga, zimene ndikudziwa kuti umazikonda. Mabuku a Chichewa ndi Chingerezi amene mukugwiritsa ntchitowo anabwera ndi ndondomeko ya boma ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016. M'menemo timayamba ndi maliwu, kenako malembo, maphatikizo, mawu, mpaka ziganizo. Mabukuwo sakwanira mwana aliyense, ndiye ine ndimatola zitsekerero za mabotolo ndi makatoni kumsika wa Chitakale. Pa chitsekerero chilichonse ndimalembapo phatikizo limodzi, ili ma, ili ta, ili ko, ili la. Ana amazisuntha pansi n'kupanga mawu. Tisanalembe timaomba m'manja: Mu-la-nje, kuomba katatu. Sa-pi-twa, katatunso. Dzina la kwanuko, Thyo-lo, limawavuta kulemba chifukwa malembo atatu akhala mondondozana o asanabwere. Iweyo umalilemba bwino? Ndipo yesa ichi lero lomwe. Tenga nthenga ya nkhuku, uigwire pafupi ndi milomo. Unene kuti "pala", kenako unene kuti "phala". Uona nthenga ikugwedezeka kachiwiriko. Kampweya kameneko ndi kamene timakalemba ndi h. Ana anga akachita zimenezi amaseka mpaka kugubuduka, koma h samuiwalanso.

Komabe, mwana wanga, zitsekerero pazokha sizikwanira. Ndaonapo ana amene amatchula maphatikizo onse molondola, koma ukawafunsa kuti nkhaniyo ikunena chiyani amangoti kukamwa yasa. Kuwerenga n'kukumana papepala ndi mawu amene unawamvapo kale ndi kuwanenapo. Mwana amene sanamvepo liwu loti "mathithi" adzalitchula bwinobwino, koma m'mutu mwake simudzaoneka madzi akugwa. N'chifukwa chake ndimalimbikira kwambiri nthano. Ndikangoti "Padangokhala!" ngakhale wamanyazi uja amayankha kuti "Tili tonse!" Ndikafika pakati ndimaima n'kufunsa kuti, "Mukuganiza kuti Kalulu achita chiyani tsopano? Chifukwa chiyani?" Funso lotere lilibe yankho limodzi, ndiye palibe amene angalakwe. Aliyense amatembenukira kwa mnzake woyandikana naye n'kumuuza maganizo ake. Phokoso limakhalapo ndithu, ndipo ena odutsa panjira amaganiza kuti ana akusewera. Ine phokoso limenelo ndimalikonda kuposa kalasi ya zii. Mawa lake ndimapempha mwana mmodzi kuti afotokozenso nthano ija, chimene chinayamba, chotsatira, ndi mmene inathera.

Si ana onse amene amafika kusukulu akuyankhula Chichewa chokhachokha. Kuno kwathu ambiri ndife Alhomwe, ndipo cha ku Limbuli ndi ku Muloza, kumalire ndi Mozambique, kuli ana amene kunyumba amamva Chilhomwe tsiku lonse. Ena makolo awo anachokera kutsidya, ku Milange. Enanso kwawo amayankhula Chiyao. Mwana wotere akalowa m'kalasi n'kuona kuti mawu a kwawo sakumveka paliponse, amaganiza kuti ndi ochititsa manyazi, n'kutseka pakamwa. Zimenezi zimandiwawa mumtima. Ine akandiyankha m'Chilhomwe ndimamuyamikira kaye, ndimapempha kuti aphunzitse anzake liwulo, kenako tonse timanena m'Chichewa. Tsiku limenelo amapita kwawo akudziwa kuti ali ndi chinthu chimene anzake alibe. Mwezi wa Okutobala, mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ukachitika ku Chonde, ana amene anapitako amabwera ndi nkhani zosatha, za ng'oma za tchopa, za zovala za ovina, za kalongonda amene anadya. Sabata imeneyo sindivutika kufuna choti tikambirane. Iwenso ukabwera uziwapempha agogo ako akuyankhule Chilhomwe. Ana ambiri a msinkhu wako sakuchidziwanso, ndipo agogowo amasangalala kwambiri akapeza wowafunsa.

Nanga Chingerezi? Nachonso timachiyamba ndi pakamwa ndi thupi. Ndikati "stand up" ndimaimirira, ndikati "touch your nose" ndimagwira mphuno, ana n'kumatsanzira. Usachithawe, chifukwa ukafika Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa adzakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 ndi momwemonso. Koma usamvere amene amati Chichewa chimachedwetsa Chingerezi. Mwana amene amatha kufotokoza nkhani mwadongosolo m'chiyankhulo chake, kufunsa mafunso ndi kupereka zifukwa, akafika pa Chingerezi amangofunika mawu atsopano. Kaganizidwe amakhala nako kale.

Pali kukhala chete kwina kumene sikuchokera ku manyazi. M'mwezi wa Marichi 2023, iwe usanayambe sukulu, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa. Madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola nyumba ndi minda, anthu ambiri anatisiya. Masukulu anatsekedwa, ndipo makalasi ena anasanduka pogona anthu amene nyumba zawo zinagwa. Titatsegulira, ana ena amene kale anali olongolola anabwera ali duu. Amenewa sitinawakakamize. Ndinkangokhala nawo pafupi, tikujambula pansi ndi kamtengo. Wina amajambula nyumba, ine n'kufunsa kuti khomo lili kuti. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, ena patapita miyezi. Ndakuuza zimenezi kuti udziwe kuti ngati pali chinthu chimene chikukuopsa kusukulu, kaya wina amakuseka, kaya amakumenya panjira, kaya pabolodi suona bwino, uwauze amayi ako usiku uno. Sadzakukalipira, ndayankhula nawo kale.

Ngati ndi manyazi chabe, tiyambe pang'ono. Sindikuti mawa uimirire pamaso pa kalasi yonse. Aphunzitsi akafunsa funso, uyambe wanong'oneza yankho mnzako amene mwakhala naye. Ukatero, mawuwo akhala atatulukapo kale kamodzi, ndipo kachiwiri savuta. Tsiku lina ukweze dzanja pa funso limene ukulidziwa bwino. Mtima udzagunda, thukuta lidzatuluka m'manja, koma yankha basi. Ukalakwitsa palibe chimene chidzagwe. Ndipo pamene sunamve, unene kuti, "Madamu, sindinamve, bwerezaninso." Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndikukuuza zoona, mwana akandifunsa funso ndimakondwa kuposa akandipatsa yankho lokhoza, chifukwa ndimadziwa pamene ndingamuthandize.

Kunyumba, pamene amayi akupala moto kapena akusenda chinangwa, uziwafotokozera zimene zachitika kusukulu kuyambira pa phala la m'mawa mpaka poweruka. Mukapita kumsika wa Bvumbwe uziwerenga mokweza zolembedwa pa mashopu ndi pa maminibasi, liwu limene sukulidziwa uzifunsa. Uyang'anenso m'kalasi mwanu. Ndikudziwa kuti muli mwana wina amene amakhala yekha pa nthawi yopuma, mwina wabwera kumene, mwina Chichewa chimamuvuta. Umufunse dzina lake, umuitane ku phada kapena ku fulaye. Ana amaphunzira mawu ambiri kwa anzawo posewera, mwina kuposa amene ine ndingawaphunzitse pansi pa mango paja.

Amalume ako akamabwera kumeneko Loweruka ndiwapatsira zinanazi ziwiri ndi kathumba ka zitsekerero zolembedwa maphatikizo. Upange nazo mawu ambiri mmene ungathere, uwalembe m'kope, achimwene ako asakuthandize. Kenako undilembere kalata ndi dzanja lako, ngakhale ya mizere itatu, undiuze dzina la mnzako amene mumakhala limodzi m'kalasi ndi nthano imene aphunzitsi anu akusimbirani. Uyankhemonso ichi. Chilape! Nyumba ya amayi anga yopanda khomo.

Upereke moni kwa amayi ako, abambo ako ndi onse pakhomopo. Agogo akuti ubwere pa holide.

Ndine,
Mayi ako aang'ono